Ba Shikulu Zakeyo ndi Mchere wa Masokosi

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine sindine munthu wolemba. Sukulu yanga ndi ya pamudzi pathu pompano, ndipo ndinalekera giredi naini. M'banja mwathu muli aphunzitsi awiri ndi wina wogwira ntchito m'boma, amene akanalemba bwino kundiposa. Koma pamene tinakhala pansi kukonza za mwala wa pamanda a agogo athu, popeza chaka chakwana chimwalirireni, Ba Malume Josefe anandiloza ine nati, “Alembe Lute. Ndiye enze kunkhala nabo.” Sindinazolowere kukana akulu, choncho ndalemba. Pamene ndalakwitsa mundikhululukire, ndipo amene ndawatchula asandisungire kanthu kukhosi.

Dzina lawo linali Zakeyo, koma tonse tinkawaitana Ba Shikulu, ndiko kuti agogo, ngakhale anthu a m'mapuloti, obwera amene anagula malo n'kumanga kuno, amene sanali abale awo. Anali atate a amayi anga. Anali aafupi, oyenda motsimphina pang'ono chifukwa cha bondo limene ng'ombe inawapweteka kalekale, ndipo jekete lawo linali limodzi, lofiirira, la matumba otuwa ndi mchere. Amene anakhalapo kuno kufupi ndi Silverest zaka zapitazi sangalephere kuwakumbukira. M'mawa uliwonse, nthawi imene anthu amaima pamsewu kudikira minibasi ya ku Lusaka, iwo ankadutsa pomwepo dzanja lamanja lili kumbuyo, zala ziwiri zitatambasuka, ndipo pambuyo pa zalazo pankabwera ng'ombe. Chingwe panalibe. Ng'ombeyo inali yakuda thupi lonse koma yoyera kumapazi, n'chifukwa chake anaitcha Masokosi.

Makondakitala ankakonda kuwaseka.

“Ba Shikulu, mwaipeleka ku sukulu?”

“Awe, inasiliza kudala,” ankayankha osaima. “Manje isakila nchito m'boma.”

Masokosi sinali ng'ombe yaphindu. Inabereka kawiri kokha, kenaka inauma, ndipo pofika nthawi imene ndikunenayi inali yokalamba, mano atatha, msana utalowa. Make anafa iyo itangobadwa, ndipo Ba Shikulu anailera ndi mkaka wa m'ndowa. Malemu agogo aakazi ankati iwo anakwatiwa pamitala osadziwa, mkazi wamkulu ali m'khola. Sikuti nthawi zonse ankanena moseka. Tsiku la ukwati wa Ba Malume Josefe, mwana wawo yekhayo wamwamuna, Ba Shikulu anafika kutchalitchi anthu akutuluka, chifukwa Masokosi inali itatupa mimba ndipo iwo anakana kuisiya. Ba Malume sanaiwale zimenezo. Ndalemba izi kuti wina asaganize kuti ndikusimba za mngelo. Anali munthu wouma mutu, ndipo pena ankamvera chisoni nyama msanga kuposa anthu a m'nyumba mwawo.

Anthu ambiri amawakumbukiranso chifukwa cha mkangano wawo pa liwu lakuti chiweto. Mkanganowo unayamba ndi maluwa. Ba Mayi Tembo, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Lusaka, anagula puloti yoyandikana ndi munda wathu. Mpanda wawo wa mabuloko usanathe, Masokosi inalowetsa mutu n'kudya maluwa onse amene anabzala pakhomo. Anabwera kwathu atakwiya, atanyamula kagalu kawo koyera, kaubweya ngati thonje, kamene amakasambitsa ndi sopo wonunkhira.

“Ba Shikulu, ng'ombe yanu yanisilizila maluwa. Muziimanga. Ichi ni chiweto, si munthu.”

“Pepani, mayo, nalakwa. Nanga ako mwanyamula ni kachani?”

“Aka ni peti.”

“Ni chani?”

“Peti. Mu Chinyanja mulibe liu lake. Viweto ni vija vamene tidya, mbuzi, nkhuku, ng'ombe. Peti sitidya, tinkhala nayo chabe monga m'bale.”

Ba Shikulu anavula chipewa, ndipo ife odziwa tinadziwa kuti nkhani italika. Anati liwulo lilipo, koma anthu analitopetsa polisenzetsa chilichonse chogona m'khola. Chiweto, iwo anati, ndi chinthu chimene munthu wachiweta, ndipo kuweta si kugula, si kutsekera, si kuponya chakudya uli patali. Anapereka chitsanzo cha nkhanga. Ukatola mazira a nkhanga kuthengo n'kuikira nkhuku, tiana take timaswa tili ndi thengo m'mutu. Ukangosuntha phazi, tonse balala. Ndiye umakhala pansi tsiku ndi tsiku, chiswe chili m'manja, mpaka kamodzi kalimbe mtima kadzajompe pachikhatho pako. Tsiku limenelo ndiye waweta. Kuweta ndi kuchotsa mantha. Tsono mantha, anatero, ndiwo mkondo wokhawo umene nyama ili nawo. Ukailanda mkondowo, iweyo uyenera kukhala mkondo wake mpaka mmodzi wa inu afe.

“Nanga nkhuku zanga zoyela zija nisunga kumbuyo kwa nyumba?” anafunsa Ba Mayi Tembo.

“Zija mugulisa zikalibe kumuzibani? Zija si viweto, mayo. Uja ni munda, koma wa nthenga.”

Ba Mayi Tembo anaseka mpaka anaiwala maluwa. Kuyambira pamenepo, akakumana madzulo pobwera kuntchito, moni wawo unali umodzi. Iwo ankati, “Peti yanu ili shani, Ba Shikulu?” Ndipo Ba Shikulu ankayankha, “Ili bwino, mayo. Nanga chiweto chanu chasamba?”

Ine ndinakafunsa aphunzitsi anga akale a Chinyanja, poopa kuti mwina agogo anga akusokeretsa anthu ophunzira. Anandiuza kuti n'zoona, chiweto chimachokera ku kuweta, monga chivundikiro chimachokera ku kuvundikira. Koma za mantha ndi mkondo anati sanaziwerengepo m'buku lililonse, n'za Ba Shikulu okha. Nditawafotokozera zimenezo, Ba Shikulu sanakhumudwe. Anangoti buku silinayamwitsepo thole.

Kumene anazitenga ndinakudziwa mochedwa. Tsiku lina masana tikuchotsa nkhupakupa m'makutu a Masokosi, anayamba kulankhula osandiyang'ana. Ali mnyamata anagwira ntchito pa famu ina ya ng'ombe za mkaka cha ku Palabana, ndipo ntchito yawo inali yolera matole, ana a ng'ombe. Pa famu yotere thole silikhala ndi make. Amalichotsa lili ndi masiku ochepa kuti mkaka upite kumsika. Tsono thole silidziwa kumwa m'ndowa, limangodziwa kuyamwa. Umaviika zala ziwiri mumkaka, umalipatsa liyamwe, kenaka umatsitsa dzanja pang'onopang'ono mpaka mlomo wake ulowe m'ndowa. Pakapita masiku limamwa lokha, koma zala zija siliziiwala. Ba Shikulu anali katswiri pa ntchitoyi. Thole lokana aliyense linkamwa kwa iwo, ndipo akamadutsa, onse ankawatsata pamzere.

Matole aakazi ankasungidwa kuti adzakame. Aamuna akakula pang'ono, lole ya ogula nyama inkabwera. Nyama yoona lole koyamba imakana kukwera. Imapalasa, imagwada, amuna anayi amalimbana nayo thukuta lili kamukamu. Kapitawo wa pafamupo anaona kuti palibe chifukwa chovutikira. Ankangofuula kuti, “Zakeyo!” Iwo ankatambasula zala ziwiri n'kuyenda pathabwa lokwerera, ndipo matole ankakwera okha, michira ikugwedezeka, poganiza kuti m'katimo muli mkaka. Akafika m'kati, iwo ankadumphira pambali, chitseko n'kutsekedwa.

“Munachita zimenezo nthawi yaitali?” ndinafunsa.

“Zaka zambili. Nenze kunyada nayo nchito ija. Benze kunitamanda.” Anaphwanya nkhupakupa pamwala. “Thole la mantha lenze kuvutisa anthu. Lamene linanikhulupilila ndiye lenze kukwela poyamba.”

Anandiuza kuti tsiku lina thole lina linagwira chala chawo kudzera m'zitsulo za lole, likuyamwabe, galimoto itayamba kale kuyenda. Anathamanga nalo pang'ono asanasolole dzanja. Mwezi womwewo anasiya ntchito n'kubwerera kumudzi. Nyama sanasiye kudya, ndipo mbuzi ankasunga ngati wina aliyense. Koma mbuzi zimene ankadziwa kuti zidzaphedwa sankazipatsa maina, ndipo chakudya chake ankaponya ali kunja kwa khola. Dzanja lawo linali la Masokosi yokha.

Malo odyetsera anatha pang'onopang'ono. Kumene kunali njira ya kudambo kunamera mipanda, ndipo kumene kunali udzu kunamera milu ya mchenga ndi miyala ya omanga. N'chifukwa chake ankaiyendetsa m'mbali mwa msewu, kufuna msipu wotsala m'ngalande. Ba Malume, amene amakhala ku Lusaka ndipo ankabwera Loweruka lililonse pagalimoto, sankakondwa nazo.

“Ba tate, iyi ng'ombe izamupayani. Bondo ni iyo, mphepo ni iyo, imwe muli mu mseu na mamotoka. Siibala, siikama. Tiyeni tiitane ba butchala ikalibe kufa yeka.”

“Na ine sinibala, sinikama. Utiitanile pamozi.”

“Koma nyama ya ng'ombe mumadya nikabwelesa.”

“Ija siinaninyambite.”

Ndinene zoona, Ba Malume sankalakwa. Ankaopa kuti tsiku lina adzalandira foni yakuti atate awo agundidwa ndi galimoto chifukwa cha ng'ombe yopanda mano. Koma Loweruka lina mkangano unakula, ndipo mawu anawapulumuka. Anati, “Olo mukane lelo, pa malilo yanu anthu bazadya chani? Muziba mwambo.” Atangonena anagwira pakamwa. Kwathu kuno, mkulu amene ali ndi ng'ombe akamwalira, ng'ombeyo imaphedwa kuti olira adye. Kulephera kutero ndi manyazi a ana ake. Ba Shikulu anadzuka. Anavala chipewa n'kupita kukhola.

Sabata yotsatira anayamba khalidwe limene tonse tinaliyesa ukalamba. Mlendo aliyense wofika pakhomo ankamutengera kukhola. “Nithandizeniko,” ankatero, “kwanja kwanga kunjenjema masiku yano. Ipaseniko ka mchele aka.” Ankatapa mchere m'thumba la jekete n'kuthira pachikhatho cha munthuyo. Lilime la ng'ombe ndi lokhakhala, ndipo amene sanazolowere amakuwa. Masokosi inkanyambita mpaka pakati pa zala, maso ili tsinzi. Ikamaliza, Ba Shikulu ankati, “Basi. Manje mwaiweta na imwe.” Anthu ankaseka n'kupukuta dzanja pathalauza.

Anatero ndi mkulu wa mpingo wathu. Anatero ndi amuna a m'mudzi mmodzimmodzi, ndi omanga nyumba, ndi makondakitala omwe aja. Ba Mayi Tembo anavomera atawakakamiza, kenaka anakasamba m'manja katatu. Tsiku lina Ba Shikulu anayenda nayo ng'ombeyo ulendo wautali, bondo likuwawa, mpaka kwa Ba Layitoni, bambo amene amapha ng'ombe pamaliro ndi paukwati uliwonse kuno. Ine ndinaona ngati angopita kukacheza.

Ba Malume okha ndiwo ankakana. Ankati alibe nthawi yosewera ndi ng'ombe. Koma nyengo yozizira itafika Ba Shikulu anagona osadzukanso pamphasa, chifuwa chitawagwira. Loweruka limenelo anaitana mwana wawo ndi mawu otsika.

“Josefe, siinadye mchele lelo. Jekete ili apo pa msomali.”

Ba Malume anandiyang'ana ine, koma Ba Shikulu anati, “Osati Lute. Iwe.” Anapita, atavala nsapato zawo za kuofesi, akuponda mosamala m'ndowe. Atabwerako, atate awo anafunsa, “Yanyambita?”

“Yanyambita.”

“Basi,” anatero, n'kutseka maso.

Anamwalira patapita masiku anayi, m'mwezi wa Juni, dzuwa litangotuluka.

Anthu anabwera ambiri. Kunali a m'mudzi, a m'mapuloti, a mpingo, ndi anzawo a Ba Malume a kuntchito amene magalimoto awo anadzaza msewu. M'mawa wa tsiku lachiwiri akuluakulu a banja anagwirizana za ng'ombe, ndipo panalibe wotsutsa, chifukwa chakudya chinali chitachepa. Ba Malume anandiitana pambali.

“Lute, ng'ombe ikuziba iwe. Ibwelese ku mtengo wa mango uja kumbuyo kwa khola.”

Chibadwire sindinawakanepo kanthu. Ndiwo anandigulira yunifolomu yoyamba. Koma m'maso mwanga munabwera thabwa lija lokwerera lole. Ndinaika manja m'khwapa, pansi pa chitenje, n'kuyang'ana pansi. Kunena kuti iyayi ndinalephera, ndinangoima. Anabwereza kachiwiri. Ataona misozi anati, “Siya,” n'kutuma munthu kukaitana Ba Layitoni.

Ba Layitoni anafika ndi chingwe paphewa, mipeni atakulunga m'saka. Anasuzumira m'khola, n'kuika saka pansi.

“Iyi? Awe, bwana. Iyi inaninyambita.”

“Ba Layitoni, ino si nthawi yoseka.”

“Siniseka. Mudala anabwela nayo mpaka pa nyumba panga, na bondo yake ija. Nenze kuona monga ni masewela. Manje naona chamene anabwelela.”

Ba Malume anatembenukira kwa amuna amene anali atazungulira. “Nanga imwe? Palibe angagwile mpeni?”

Ndinaona amuna akuluakulu akutembenuza manja n'kuyang'ana zikhatho zawo. Mkulu wa mpingo anatsokomola nati, “Na ine ananipasa.” Wina kumbuyo anati, “Na ine.” Womanga nyumba wina anati iye anapatsidwa kawiri. Kumbali ya amayi wina anaphulika kuseka pakati pa maliro, ndipo kusekako kunathera m'kulira.

Nkhope ya Ba Malume inada. Anzawo a ku Lusaka anali pomwepo, akumva zonse. “Nizapeza wina ku Chongwe wamene siimuziba,” anatero, n'kutulutsa foni.

Pakhomo pa khola lathu pankangopingasidwa mtengo umodzi, ndipo Ba Layitoni anali atautsitsa posuzumira. Masokosi inali itatha masiku awiri osadya mchere. Inatuluka yokha n'kuyamba kuyenda pakati pa anthu, ikununkhiza dzanja ili ndi ilo, yopanda mantha ngakhale pang'ono, kudutsa pafupi ndi saka la mipeni lomwe. Inafika kumbuyo kwa Ba Malume. Dzanja lawo lamanzere linali pakhutu ndi foni, lamanja lili lende. Inalowetsa mphuno pachikhathopo n'kuyamba kunyambita.

Sanachotse dzanja. Mufoni munkamveka munthu akuti halo, halo. Anaima choncho nthawi yaitali, kenaka anatsitsa foniyo.

“Ba tate,” anatero, “mwanichenjelela.”

Kuyambira tsiku la imfa anali asanalire. Analira pamenepo, ataimirira, ng'ombe ikuwanyambitabe.

Amene anathetsa nkhani ya ndiwo ndi Ba Mayi Tembo. Anadzuka pakati pa amayi, namanga chitenje, nati, “Munda wanga wa nthenga wakhwima. Tumani anthu bakakolole.” Olira anadya nkhuku, kabichi ndi nyemba. Sindibisa kuti ena anadandaula. Mpaka lero alipo amene amati mwana wa Zakeyo anaika atate ake ndi nkhuku, ng'ombe ili m'khola.

Komabe nkhani sinathere pomwepo, chifukwa ng'ombe yopulumuka mpeni iyenera kudya. Miyezi yotsatira anthu aja a mchere anayamba kubwera okha. Wina ankabweretsa mapesi panjinga, wina masamba a kabichi otsala pamsika, Ba Mayi Tembo udzu wometa pakapinga wawo. Ba Layitoni ankadutsa kudzaiona mkamwa ndi m'ziboda. Koma dzuwa la Okutobala litafika ngalande zinauma, ndipo nthiti za Masokosi zinayamba kuwerengeka. Ba Malume anakalankhula ndi msuweni wawo, Ba Esinati, amene ali ndi kamunda cha ku Palabana kufupi ndi madzi, kumene msipu ukalipo. Anavomera kuisunga mpaka idzafe yokha.

Mnzawo wina wa Ba Malume anati abwereke lole yake, ulendo ufupike. Apo m'pamene ndinalimba mtima n'kuwafotokozera Ba Malume nkhani ya matole aja, imene iwo anali asanaimvepo. Anamvetsera osandidula. Pomaliza anati lole isabwere.

Anafika m'mamawa, nasiya galimoto pansi pa mango. Anatenga jekete lija pamsomali, navala pamwamba pa malaya awo, manja ake akuwathera m'zigongono. Anadzaza mchere m'matumba, natsitsa mtengo wa pakhola, naika dzanja kumbuyo. Poyamba anatambasula dzanja lonse. Ine ndinati, “Ziwiri chabe, Ba Malume.” Anapinda zinazo, ndipo Masokosi inatsata.

Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Kondakitala wina anatulutsa mutu pawindo.

“Bwana, yapeza nchito?”

“Awe,” anayankha Ba Malume osaima. “Yapuma. Iyenda ku penshoni.”

Anafika dzuwa litapendeka, mapazi atatuluka matuza. Ba Esinati amasimba kuti anakana kukhala pansi kapena kumwa madzi mpaka aliyense wa pakhomopo, ndi amuna awo omwe, atapereka mchere pachikhatho. Masokosi ikali moyo pamene ndikulemba pano. Jekete linatsala komweko.

Khola lilipobe kuseri kwa nyumba. Palibe amene wanena kuti tiliphwasule, ngakhale mitengo yake ingathandize pankhuni. M'katimo mwamera bonongwe wamtali chifukwa cha manyowa, ndipo amayi amathyolamo ndiwo. Theka la tayala limene inkamweramo madzi ladzaza masamba a mango. Mtengo wa pakona, umene inkadzikandapo khosi, ukali wosalala ngati mpini wa khasu lakale. Kanjira kochoka pakhola kupita kumsewu kakuonekabe, koma pakati pake padutsa maziko a mpanda watsopano. M'nyumba, pakhoma la kuchipinda kwawo, pali msomali wopanda kanthu, ndipo pansi pake pali mzere wotuwa pamene mchere unkagwera.

Masokosi inatuluka m'kholamo Loweruka loyamba la mwezi wa Novembala chaka chatha, mvula isanagwe, ndipo mtengo wotsekera pakhomo uli chigonere pamene Ba Malume anausiya m'mawa umenewo.